Nthawi ikakana kuyenda: momwe mungathanirane ndi kunyong'onyeka n'kukhazika mtima pansi

Chaka chatha ndinakhala masabata atatu kuchipatala ngati gadiyani wa mayi anga. Amene anakhalapo gadiyani akudziwa kuti ntchito yake imatha m'mawa momwe: kusambitsa odwala, kuchapa, kuphika phala, kudikira adokotala adutse m'wodi. Ikamati 10 koloko zonse zatha, chotsala n'kukhala pabenchi kapena pansi pa mtengo mpaka nthawi yophika ikwanenso. Masiku oyamba foni sinkachoka m'manja mwanga. Facebook, WhatsApp, kubwereranso ku Facebook. Bandulo ikatha, ndinkangoti kuimirira, kukhala, kuimiriranso, mtima uli m'mwamba.

Kumalo ophikira kunali gogo wina amene ankadwazika mdzukulu wake, ndipo anali atakhalitsa kuposa tonsefe. Masana aliwonse ankayala chitenje, kuthira nyemba m'lichero n'kuyamba kusankha, kuchotsa timiyala ndi zofumbwa, osapupuluma ngakhale pang'ono. Tsiku lina ndinawafunsa kuti, "Agogo, kodi inu simutopa nako kukhala kuno?" Anandiyang'ana n'kuyankha kuti, "Mwana wanga, panopa ndikusankha nyemba. Zinazo tikaziona zikafika." Atatero anandikankhira lichero kuti ndiwathandize. Tinasankha mpaka nyemba zinatha, ndipo kwa nthawi yoyamba chifikireni pamalopo sindinayang'ane kuti nthawi ili bwanji.

Kunyong'onyeka, kumene achinyamata amati kuboweka, kumabwera pamene thupi lili pano koma maganizo akufuna pano pathe msanga. Mu 2010 akatswiri awiri a pa yunivesite ya Harvard ku America, Matthew Killingsworth ndi Daniel Gilbert, ankatumizira anthu 2,250 mafunso pafoni nthawi zosiyanasiyana za tsiku, kuwafunsa zomwe akuchita, zomwe akuganiza ndi momwe akumvera. Anapeza kuti pafupifupi theka la nthawi, maganizo a anthuwo ankakhala kwina osati pa chimene akuchita, ndipo nthawi zoterozo ndi zimene ankakhala osasangalala kwenikweni. Chimene agogo aja ankachita ndi nyemba zawo chimaphunzirika. Nayi njira yake.

Choyamba: chikabwera, musathamangire foni

Dzanja limafika m'thumba inu musanaganize n'komwe. Ndiye poyambira ndi pomwepo. Mukangomva kuti zayamba kubowa, dziuzeni kuti foni idikira mphindi 5. Mphindi zimenezi zimawawa, ndipo musadabwe. Mu 2014 Timothy Wilson wa pa yunivesite ya Virginia ndi anzake ankasiya anthu okhaokha m'chipinda kwa mphindi zosapitirira 15, opanda foni, opanda chowerenga. Pa gawo lina la kafukufukuyu anawasiyira kabatani koti akakadina kaziwagwira ndi magetsi. Amuna 12 mwa 18 ndi akazi 6 mwa 24 anasankha kudzigwiritsa magetsi kusiyana n'kungokhala phee.

M'mphindi 5 zimenezi, fufuzani kuti chinthuchi chakhala pati m'thupi mwanu. Ena chimawagwira m'miyendo, amangofuna kuyendayenda. Ena pachifuwa pamalemera, ena amangoyasamula. Kenako dzifunseni mwachilungamo: kodi n'kunyong'onyekadi? Nthawi zambiri imakhala njala, tulo, kusungulumwa, kapena nkhawa ya fizi ndi lendi imene yavala chovala china. Ngati ndi njala, idyani. Ngati ndi tulo, gonani. Ngati mwasowa munthu, foni ija igwire ntchito yake yeniyeni, muimbire mchemwali wanu. Chikatsala n'kunyong'onyeka kwenikweni, pitani pa gawo lotsatira.

Chachiwiri: werengani mpweya wanu

Khalani pampando, pamkeka kapena pakhonde, msana uli wowongoka koma osaumitsa thupi. Manja akhale pamiyendo. Maso mutha kutsinzina kapena kungoyang'ana pansi patsogolo panu. Pumani momwe mumapumira nthawi zonse, osakakamiza. Ikani maganizo pamene mpweya ukumvekera bwino, kaya ndi pamphuno pamene ukulowa wozizirira n'kutuluka wofunda, kaya ndi pamimba pamene pakukwera ndi kutsika. Mukatulutsa mpweya werengani chamumtima kuti 1, ulendo wotsatira 2, mpaka 10, kenako muyambirenso.

Simufika pa 10. Mwina pa 4 mudzapezeka muli kale kumsika, mukukangana ndi munthu amene anakuyankhani mwano dzana. Apa ndi pamene ambiri amasiyira, amati ine sindingathe, mutu wanga ndi woyendayenda. Chonde musasiye. Kuzindikira kuti mwachoka n'kubwerera pa 1, ntchito yake ndi imeneyo. Zili ngati mbuzi yapachingwe imene ikukokera kudimba la eni: mumangoibweza, ikakokanso mumaibwezanso, popanda kuimenya. Mukabwerera ka 20 m'mphindi 5, ndiye kuti mwaphunzira ka 20.

Njira yoyang'anira mpweya imeneyi ndi yakale kwambiri, ndipo Abuda a ku Asia akhala akuigwiritsa ntchito kwa zaka zoposa 2,000. Mu 1979 Jon Kabat-Zinn anayamba kuiphunzitsa kuchipatala cha yunivesite ya Massachusetts kwa odwala amene anali ndi ululu wosatha komanso nkhawa, popanda kulowetsamo chipembedzo. Ndikunena izi chifukwa ndikudziwa kuti ena amachita mantha kuti mwina n'zotsutsana ndi chikhulupiriro chawo. Mpweya ndi wanu, munabadwa nawo. Mkhristu kapena Msilamu amene wakhazika maganizo chotere amapempheranso bwino, chifukwa pakamwa ndi mtima zimakhala pamodzi.

Yambani ndi mphindi 5 tsiku lililonse pa nthawi imodzimodzi. M'mawa ana asanadzuke ndi bwino kwambiri.

Chachitatu: tsegulani makutu ndi maso

Ichi n'chothandiza pamene simungathe kukhala pansi mwakachetechete: pamzere wa kubanki, pamjigo zidebe zitandandalika, m'minibasi imene ikudikira anthu atatu kuti idzaze pamene dalaivala akungoliza injini. Yambani ndi makutu. Pezani phokoso limene lili kutali kwambiri, kenako lapakati, kenako lapafupi ndi inu. Musaweruze kuti ili n'labwino, ili n'losokosa. Ingomvani. Mukatha pitani ku maso, musankhe chinthu chimodzi n'kuchiyang'anitsitsa ngati mudzafunsidwa za icho mawa: momwe mayi wogulitsa nthochi wapindira nkhata yake, kapena mmene mnyamata wa mazira amawerengera chenji ndi dzanja limodzi.

Magetsi akazima madzulo, m'malo mokhala m'nyumba kudandaula kuti foni ilibe moto, tulutsani mpando panja. Poyamba mumangoona mdima. Pakapita kanthawi maso amazolowera, nyenyezi zimachuluka, mumayamba kumva nkhululu, achule kudambo, wailesi ya batire kwa aneba, fungo la makala pambaula. Zonsezi zimakhalapo usiku uliwonse, kungoti ife timakhala kulibe. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mawuwa ndi oona ngakhale osawatanthauzira patali: nkhono ukaigwedeza imabwerera m'chigoba, ukakhala phee imatulutsa tinyanga take.

Chachinayi: sankhani ntchito imodzi ya tsiku ndi tsiku muichite ndi mtima wonse

Gawo ili ndi limene ndimalikonda, chifukwa silifuna nthawi yapadera. Sankhani ntchito imodzi yokha imene mumaichita kale maganizo ali kwina. Tiyerekeze kuphika nsima. Zimitsani wailesi, foni ikhale kuchipinda. Mukatereka madzi, imani pomwepo. Ayeseni kuseri kwa dzanja kuti mumve ngati afunda. Pothira ufa, onani momwe ukusungunukira, mumve mthiko ukuyenda mopepuka. Phala likayamba kuwira, mverani kaphokoso kake pansi pa chivundikiro ndi fungo limene limasintha likapsa. Povundula, dzanja lanu limadziwa lokha pamene nsima yalimba bwino, ndipo mwina papita zaka musanalabadire nzeru imene ili m'dzanja limenelo. Poomola, onani chipande chikutuluka m'madzi, mtanda uliwonse ukugwera pa unzake, nthunzi ikukwera. Maganizo akathawira ku ngongole ya kugolosale, abwezeni ku mthiko monga munachitira ndi mpweya uja.

Kusesa pabwalo m'mamawa kumachitanso bwino. Tsache limasiya mizere padothi, ndipo munthu amene akusesa ali pomwepo, bwalo lake limaoneka. Kutongola chimanga, kuchapa, kusita, kupalasa njinga popita kuntchito, kuthirira masamba kudimba, zonsezi zimatheka. Koma musatenge zonse nthawi imodzi. Paja ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Imodzi, kwa sabata yathunthu, kenako muonjezere ina.

Pakudya chitaninso chimodzimodzi, ngakhale pa mbamu zitatu zoyambirira zokha. Mudzadabwa kuti chigwada chotendera chimene mumati mwatopa nacho chili ndi kukoma kumene munasiya kale kukumva.

Chachisanu: mvetserani munthu mpaka amalize

Kamodzi patsiku, wina akamayankhula nanu, ikani foni pansi, musakonzekere yankho, mungomva. Agogo akayambanso nkhani ija ya ku Joni imene munaimva kambirimbiri, afunseni funso limene simunawafunsepo: ankadya chiyani, ankagona bwanji, anabwera ndi chiyani m'sutikesi. Nkhani yakale imatuluka yatsopano.

Chachisanu ndi chimodzi: mawa lipatseni nthawi yake, lero likhale lero

Pano ndikufuna kuyankhula ndi inu amene munamaliza Fomu 4 kapena koleji ndipo mwakhala pakhomo chaka chachiwiri, makalata ofunsira ntchito mukutumiza koma kuli zii. Kunyong'onyeka kwanu n'kolemera kuposa kwa munthu wa pamzere wa kubanki, ndipo n'kumene kumakokera anyamata ambiri ku kubetcha pafoni ndi ku mowa wotchipa, chifukwa zimenezi zimapha maola. Sindikukuuzani kuti mukhutire ndi ulova. Kukhutira sikutanthauza kupinda manja. Funani ntchito, phunzirani luso, yambani kageni. Chimene chimadya munthu n'kukhala ukuganiza za ntchitoyo kuyambira m'mawa mpaka usiku, pamene chochitapo chenicheni chimangotenga maola awiri.

Chitani chonchi. Patulani nthawi yodziwika, mwachitsanzo 8 mpaka 10 koloko m'mawa, yolemba makalata, kufunsa anthu, kuwerengera ndalama ndi kukonza mapulani. Khalani ndi kope. Nkhawa ikabwera masana, ilembeni m'kopemo n'kuiuza kuti tionana mawa 8 koloko. Mukatero bwererani ku chimene chili m'manja mwanu. Poyamba imabwereranso pakangopita mphindi zochepa, koma ikazolowera kuti ili ndi nthawi yake imayamba kudikira.

Usiku musanagone, kumbukirani zinthu ziwiri kapena zitatu za tsikulo zimene zinali bwino, ndipo zikhale zenizeni, zogwirika: tiyi anali ndi shuga, mwana wa achimwene anakugonerani pamiyendo, mvula inagwa mbewu zitayamba kufota. Mawu oti "ndili moyo" ndi oona, koma akakhala a tsiku lililonse amasanduka nyimbo yongoloweza. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Mtumwi Paulo, polembera Afilipi ali m'ndende, ananena kuti kukhutira ndi zimene ali nazo anachita kuphunzira. Ngati iye anachita kuphunzira, ifenso tisadziweruze tikaona kuti sabata yoyamba palibe chasintha. Kwa ine zinatenga pafupifupi mwezi kuti ndione kuti ndayamba kudikira minibasi osakwiya.

Ngati sikunyong'onyeka wamba

Pali malire a zonsezi, ndipo ndikupempha kuti muwasamale. Kunyong'onyeka kumatha chinthu chosangalatsa chikachitika: mnzanu akabwera mumaseka, mpira ukayamba mumaonera. Koma ngati padutsa masabata awiri kapena kuposerapo palibe chimene chikukukomerani, ngakhale zimene munkazikonda, tulo tasokonekera, chakudya sichikulowa, mukudziona wopanda pake kapena mukuganiza zodzipha, amenewo akhoza kukhala matenda a maganizo, ndipo amachizika. Kuwerenga mpweya pakokha sikokwanira, ndipo kwa ena kukhala chete okhaokha kumawonjezera maganizo oipawo. Uzani munthu amene mumamukhulupirira lero lomwe, ndipo pitani kuchipatala cha boma cha m'boma lanu mukafotokoze momwe mukumvera. Kuli chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba, komanso a St John of God amathandiza ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Ngati miyendo ikulemera kupita nokha, pemphani m'bale akuperekezeni, ndipo akakhale nanu pofotokoza kwa adokotala kuti akumbutse zimene inu mungaiwale.