Kale (curry) sathira m'madzi ngati mchere, amayi

Miyezi iwiri yapitayi ndazungulira magulu angapo a amayi uku tikumenya nandolo, ndipo pali chinthu chimodzi chandibowa moti ndati ndingolemba basi. Chaka chino anthu ambiri ayamba kuyesera kaphikidwe ka amwenye pakhomo, ena aonera pa Facebook, ena anagwirapo ntchito m'nyumba ku Limbe, ndipo ine ndilibe nazo vuto zimenezo. Vuto langa ndi nthawi yomwe mukuthira zokometserazo. Poto ali pamoto akubwata, msuzi uli tho, munthu akung'amba paketi ya kale nkuwaza pamwamba ngati akuthira mchere, kuvundula kawiri nkuphula. Khomo ili zomwezo, khomo linalo zomwezo, mpaka ndinayamba kudzifunsa kuti kodi munakaphunzira kwa munthu mmodzi nonsenu?

Zotsatira zake mukuzidziwa nokha. Ndiwo zimaoneka zachikasu bwinobwino koma ukalawa zimangomveka ufa ufa palilime ndi kakuwawa kumapeto, fungo lija mumalimva mukamadutsa pamalo ogulitsa samusa palibe. Ndiye mumati mwina ndathira pang'ono, mawa supuni ziwiri, mkuja zitatu, paketi yoti ikanatha mwezi yatha sabata imodzi. Ana akana, bambo angonyambita nkusamba m'manja, zotsalazo zapita kwa galu. Werengani bwino pamenepo, mwataya kale, mwataya nandolo, mwataya tomato ndi anyezi, mwataya makala omwe mtengo wake masiku ano sindikufuna nkuutchula komwe. Kenako mumabwera kumsonkhano nkumati zakudya za amwenye ndi za anthu a ndalama. Ayi ndithu, dal, ndiwo ya nandolo kaya nyemba zoswa pakati ija, ndi chakudya cha tsiku ndi tsiku cha anthu wamba ku India, chomwe chikukudyerani ndalama ndi dzanja lanu lomwe.

Fungo ndi kukoma kwa zokometserazi kuli m'timafuta tomwe tili mkati mwa njere zake, ndipo timafutato sitigwirizana ndi madzi, timatuluka bwino tikakumana ndi mafuta otentha. Nkhani yake ndi yomweyo basi. Chodabwitsa nchoti izi mumazidziwa kale pa anyezi, palibe mmodzi wa inu amene amaponya anyezi wosakazinga mu msuzi wa nkhuku ya alendo nkumayembekezera kuti inunkhira. Ndiye bwanji pa kale nzeru yomweyo imathawa? Amwenye amatenthetsa mafuta pang'ono nkuponyamo njere za jira (cumin) kaya za mpiru mpaka zithetheke, amati tadka, ndipo a ku Gujarat komwe kunachokera amwenye ambiri a kuno amati vaghar. Ena amayambira pamenepo kuphika, ena amapanga padera mu kapoto kakang'ono nkukhuthulira pamwamba pa ndiwo zakupsa kale, ndipo likamalira kuti tswee fungo limafika mpaka kumsewu.

Chinanso, kale wa m'paketi uja si chinthu chimodzi ayi, ndi zinthu zingapo zogayidwa pamodzi, turmeric amene amapereka chikasu, dhania (coriander), jira, tsabola ndi zina. Kusakaniziratu mu paketi chonchi anakutchukitsa ndi azungu a ku Britain, m'makhitchini ambiri ku India amasunga chilichonse pachokha nkumathira china poyamba china pambuyo. Zogayagaya zimathanso mphamvu msanga, makamaka mmene mumasungira inu, paketi yotsegula pawindo padzuwa kapena pafupi ndi mbaula, pakatha miyezi ingapo mwangotsala ndi utoto.

Mayi wina wa gulu la ku Chiradzulu anandiimitsa titamaliza msonkhano, akuti a mlangizi ndithandizeni, bambo akunyumba akuti ndiwo zanga zikumveka ngati mankhwala a malungo. Ndinawafunsa mumathira nthawi yanji, akuti pomaliza ndikamaphula kuti fungo lisathawe. Ndinawafotokozera zonsezi, anagwedeza mutu nkumapita. Patatha masiku anayi foni, a mlangizi mwandinamiza, zafika poipa kuposa kale. Nditafufuza, mayiwa anaika mafuta pa mbaula ya moto waukali mpaka kufuka utsi, nkukhuthuliramo ufa wa kale wouma, kenako nkutuluka kukathamangitsa mbuzi zomwe zinalowa pa nandolo woyanika. Pobwera zonse zili bii. Ufa umapserera mu kamphindi kochepa zedi, ndipo zikapserera palibe chozipulumutsa, tayani muyambirenso. Ndinaseka koma zinandiwawanso chifukwa mafuta aja anali omaliza m'botolo. Pano akuti bambo aja ndi amene amakumbutsa kuti lero simuphika zija?

Chomwe chimandipweteka mutu kwambiri ndi ichi. Dal amene mukumusilira pa foniyo, wotchedwa toor dal, ndi nandolo wathu yemweyu wochotsa makoko nkuswa pakati. Ndi chipere, amayi. Agogo athu amapera nandolo pamphero, kupeta makoko, kuphika mpaka kuphwanyika, kusiyana kwake ndi tadka yekhayo. Nandolo wa ku Mulanje, Thyolo, Phalombe, Zomba, Machinga wambiri amathera ku India komweko. Amene munalima mu 2017 simunaiwale mmene mitengo inagwera India atachepetsa nandolo wolowa m'dziko lawo, matumba anangoti mbwee m'nyumba mpaka kufumbwa. Mu 2021 maboma awiriwa anagwirizana kuti India azilola matani 50,000 a nandolo wa ku Malawi kulowa m'dziko lawo pachaka kwa zaka zisanu. Ndiye taganizani, inu mwagulitsa thumba lonse kwa venda pamtengo womwe wanena iye, osasiyako ngakhale ndowa imodzi, kenako mwakwera minibasi kukagula dal wa m'paketi m'shopu m'tauni pamtengo wokwera. Ndikaona zimenezi ndimangogwira pakamwa. Mphero zija munazitaya kuti? Ngakhale mtondo umagwira ntchito ukanyika nandolo nkumuyanikanso.

Za soda ndatopa nazo kunena. Mukufuna nandolo afewe msanga ndiye mukuthira soda wodzadza supuni, iye akuononga vitamini B1 ndipo ndiwo zikumveka sopo, kenako mlandu mukuupereka kwa kale. Nandolo wochotsa makoko safuna soda, munyikeni m'madzi ola limodzi kapena awiri afewa yekha. Ndisiye pomwepa ndingayambe nkhani ina.

Njere za mpiru nazo simukuyenera kugula. Mpiru wathu wa kudimba uja mukausiya kuti uchite maluwa nkubereka, timbewu take tofiirira tija ndi tomwe amwenye amati rai. Koma chonde chonde, osatenga mbewu ya m'paketi yogula kuti mukadzale ija, yambiri imakhala yothira mankhwala, nchifukwa chake imaoneka ya mtundu wachilendo. Tengani yokolola nokha. Adyo, jinja, kambuzi, anyezi, tomato zonsezi zili pamsika uliwonse, dhania amamera ngakhale mu chitini chobooka pakhonde. Chogula kushopu kwenikweni ndi jira ndi turmeric basi, ndipo gulani pang'ono pang'ono, jira wanjere osati wogaya, musunge m'botolo lotseka bwino pamalo pamdima.

Kaphikidwe kake mwachidule poti nthawi yanditha. Chipere chanu phikani monga mwa masiku onse, muthiremo turmeric kansonga ka supuni yaying'ono akamabwata, ameneyu yekha amaloledwa kulowa m'madzi, mchere pambuyo. Padera tenthetsani mafuta supuni ziwiri zazikulu, moto wapakati, ngati ndi mbaula phulani makala ena kaye. Ponyani kanjere kamodzi ka mpiru, kakathetheka mafuta akonzeka, akafuka utsi mwapyola chotsani poto azizireko. Mpiru theka la supuni yaying'ono, ukayamba kudumpha jira chimodzimodzi, werengani mpaka teni, kenako anyezi mpaka afiire, adyo ndi jinja wosinja ndi kambuzi. Ngati muli ndi kale wa m'paketi yekha ndiye apa mpomwe amalowa, pamwamba pa anyezi wofiira kale, supuni imodzi yaying'ono yakwana, vundulani osachoka pamoto ndipo tomato akhale ali pafupi wodula kale kuti mumuthire msanga zisanagwire pansi. Tomato akaphwanyika mafuta nkuyamba kuonekera m'mbali khuthulirani zonse mu chipere, zibwate limodzi mphindi zisanu. Kamandimu pang'ono pomaliza ngati alipo. Dyerani mpunga, chapati kaya nsima imene, zimayenda. Nyemba, khobwe, mbatatesi, kabichi njira yake ndi yomweyi. Amene muli m'magulu anga bwerani ndi kapu imodzi ya nandolo wopera kale pamsonkhano wa mwezi wamawa, mafuta ndi jira ndibweretsa ine, wina abwere ndi mbaula.