Kusankha ndi Kusamala Mabiti a Dirilo Okutidwa

Mabiti ooneka ngati golide omwe mumawapeza mumsika wa Zomba amakutidwa ndi titanium nitride, TiN mwachidule. Chokutacho n'chopyapyala zedi, mamicron 2 mpaka 4 basi (micron ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita), koma kulimba kwake kumafika pafupifupi 2,300 HV (HV ndi muyeso wa kulimba kwa chinthu) pomwe chitsulo cha m'kati chomwe amapangira bitiyo, chotchedwa HSS (high-speed steel), chili pa 800 mpaka 900 HV.

Musanagule, palani pang'ono m'mbali mwa biti ndi tupa. Tupa ikaluma mosavuta, bitiyo isiyeni. Chokuta cholimba pa chitsulo chofewa chimasweka ngati chikhokho cha dzira, chifukwa pansi palibe chochichirikiza. Ambiri otchipa amathera pomwepa.

Mdani wamkulu ndi kutentha. TiN imayamba kuwonongeka pa madigiri Celsius pafupifupi 600, pomwe TiAlN (titanium aluminium nitride), chokuta china chakuda, imapirira mpaka 800 kapena kuposa. Poboola chitsulo wamba cha mageti ndi mawindo, monga amachitira owotcherera a ku Chinamwali, biti ya mamilimita 10 izizungulira maulendo 800 mpaka 900 pa mphindi, mukuthira oyilo. Pa stainless steel (chitsulo chosachita dzimbiri msanga) chepetsani liwirolo ndi theka, ndipo kanikizani ndithu. Mukangoisisitiza, chitsulocho chimauma pamwamba n'kudya nsonga. TiAlN musaigwiritse ntchito pa aluminiyamu, chifukwa aluminiyamuyo amamatirira ku biti.

Biti ikabuntha, inoleni msanga. Kunsonga chokuta chichoka, koma m'mizere chimatsala ndipo chimathandizabe zinyenyeswa kutuluka. Nsonga ikachita buluu pa gulayindala, mwaitenthetsa kwambiri.

Nyengo ya mvula kuno chinyezi n'chambiri: sungani biti iliyonse payokha mutaipaka oyilo.