Madzi akayamba kulowa m'nyumba, muyambire pati?

Ambiri amafunsa kuti mvula ikavuta madzi nkuyamba kulowa m'nyumba achite chani. Choyamba thimitsani magetsi pa meni switchi, koma ngati pansi pali kale madzi ndipo mwaima momwemo musaigwire switchiyo, ingotulukani. Kenako tengani zofunika zokhazokha, ma ID, mankhwala, foni ndi chaja, zonse mupulasitiki mumange pakamwa bwinobwino, ana ndi okalamba patsogolo ulendo wa kumtunda. Katundu musiyeni, mipando mudzagula ina.

Pomwe anthu amataikira moyo ndi pa kuwoloka madzi othamanga. Madzi ongopitirira mu akakolo, masentimita 15 chabe, amatha kugwetsa munthu wamkulu, akafika 30 akhoza kunyamula galimoto yaing'ono, komanso pansipo simukuona ngati pali dzenje kapena waya wamagetsi wogwa. Madalaivala zoti ndingodutsa mwachangu ayi, bwererani basi.

Madzi akaphwa a pachitsime musamwe osawiritsa, kolera amayambira pomwepo. Abwate kwa mphindi imodzi kapena muthiremo kolorini.

Nanga kunja kukatentha kwambiri? Imwani madzi musanamve ludzu, ntchito zolemetsa gwirani m'mawa kapena madzulo, mwana osamusiya m'galimoto yotseka olo kwa kanthawi kochepa. Munthu akayamba kubwebweta, thupi lili juu, kapena wakomoka, mugonekeni pamthunzi, mumasuleni zovala, mumuthire madzi ozizira, nsalu yonyowa m'khosi ndi m'khwapa, nkuthamangira naye kuchipatala. Wokomoka osamumwetsa kanthu, atha kutsamwa.