Kujambula nkhalango masamba akamafiira

Masamba akayamba kufiira ndi kuyoyoka, musadikire tsiku ladzuwa. Dzuwa lamasana limadzaza nkhalango ndi mithunzi yakuda bii, mitundu n'kusokonekera. Tsiku lamitambo ndiye labwino, makamaka mvula ikangokata, chifukwa masamba onyowa amaoneka ofiira psuu. Vuto lake amanyezimira, choncho ikani polarizer (kagalasi kochepetsa kunyezimira) pa lenzi n'kumaizungulitsa mpaka kunyezimirako kuthe. Imadya kuwala ndithu, ndiye tripod (choimikapo kamera cha miyendo itatu) musaiiwale, kuti kamera isagwedezeke.

White balance (posinthira kaonekedwe ka mitundu m'kamera) musaisiye pa auto, pomwe kamera imasankha yokha: kamera imazimiritsa chikasu poganiza kuti ikukonza cholakwika. Ikani pa cloudy, ya tsiku lamitambo. Thambo lotuwa lisalowe m'chithunzi, palibe chimene limawonjezera.

Pa vidiyo ya mafelemu 25 pa sekondi, shutter (nthawi yomwe kamera imalowetsa kuwala) ikhale 1/50 ya sekondi, kuti tsamba likamagwa lisamaoneke ngati likudumphadumpha.