Mukafuna kukonza msonkhano wa gulu la ophunzira zamalamulo kuno ku Joni

Komiti yatsopano ya gulu lathu itasankhidwa, mtsikana amene analowa m'malo mwanga ngati msungichuma anandipeza ndikudikira basi ya Rea Vaya n'kundifunsa kuti, "Achemwali, ndalama za msonkhano uja munazitenga kuti?" Basi inafika ndisanamalize kuyankha. Choncho ndalemba pano zonse zimene ndinkafuna kumuuza, kuti nawonso anzathu a m'magulu ena apezepo kanthu.

Gulu lathu ndi laling'ono. Ambiri ndife Amalawi ophunzira zamalamulo, kuphatikizapo anzathu angapo a ku Chipata ndi ku Tete amene timamvana nawo chinenero. Ndagwira thumba lake zaka ziwiri. Msonkhano umene ankanenawo ndi umene tinakonzera anthu akwathu ogwira ntchito zapakhomo, osamalira maluwa m'mayadi ndi a maganyu a zomangamanga, kuti amve m'Chichewa zimene malamulo a South Africa amanena pa nkhani ya ntchito.

Musanapemphe ngakhale tambala, lembetsani gulu lanu ku yunivesite. Gulu la pa WhatsApp lokha silingapatsidwe holo kapena ndalama. Pitani ku ofesi yoona za magulu a ophunzira kapena kwa a SRC, bungwe loimira ophunzira, mufunse zimene akufuna chaka chimenecho. Kawirikawiri amafuna malamulo oyendetsera gulu olembedwa, maina a wapampando, mlembi ndi msungichuma, mndandanda wa mamembala ndi dongosolo la zimene mudzachite chaka chonse. Chaka cha maphunziro kuno chimayamba mu February, ndipo ndalama za magulu zimagawidwa koyambirira komweko. Wobwera mu May amapeza mphika utakombedwa kale. Ife timalemba dongosolo lathu mu January, ena adakali kumudzi, n'kumatumizirana pa foni.

Kenako khalani pansi mugwirizane kuti msonkhanowo ndi wa yani. Apa m'pamene ndimalimbikira, chifukwa yankho lake ndi limene limakuuzani khomo loti mukagogode. Makampani akuluakulu a maloya a ku Sandton, monga Bowmans, Webber Wentzel, ENS ndi Werksmans, amabwera m'mayunivesite kudzafuna ophunzira anzeru oti adzawalembe ntchito, ndipo maofesi awo olemba anthu ntchito ndi amene amakonda kuthandiza zochitika za ophunzira. Koma ife obwera tili ndi vuto lathu. Lamulo la Legal Practice Act la 2014 limati munthu wololedwa kukhala loya m'dziko muno akhale nzika kapena wokhala ndi chilolezo chokhalamo mpaka kale, ndipo mu 2022 khothi lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko, la pa Constitution Hill, pa mlandu wa Rafoneke, linati lamuloli ndi lovomerezeka. Ndiye kalata yonena kuti "bwerani mudzakumane ndi antchito anu a mawa" ilibe mphamvu ikachokera ku gulu la ophunzira okhala pa viza ya sukulu. Chaka changa choyamba ndinalemba makalata otero ndipo sanapindule.

Chimene chinathandiza n'kusintha khomo. Makampani ambiri akuluakulu ali ndi nthambi yogwira ntchito yaulere yothandiza osauka, imene amaitcha pro bono. Kwa iwowa tili ndi chinthu chimene alibe: chinenero, ndiponso chikhulupiriro cha anthu amene sangalowe okha mu ofesi yagalasi ku Sandton. Mayi wa ku Mangochi amene wachapa ndi kusita m'nyumba imodzi zaka 10 popanda kalata ya ntchito amamasuka kwa ife, osati kwa iwo. Kalata yathu inanena zimenezo mosapita m'mbali, pa tsamba limodzi: ndife yani, tsiku ndi malo, anthu angati, mitu yokambirana, ndi chimene tikupempha. Tchulani chinthu chenicheni. Mawu oti "thandizo lililonse tidzayamikira" amachititsa wowerenga kuika kalata pambali. Lembani kuti mukufuna loya mmodzi wodziwa malamulo a ntchito kwa maola atatu, kapena ndalama ya chakudya cha anthu 80.

Dziwaninso kuti thandizo lambiri silibwera ngati ndalama. Ku Braamfontein kuli mabungwe othandiza anthu pa zamalamulo ngati SERI, SECTION27, Lawyers for Human Rights ndi likulu la Legal Aid South Africa, ndipo pa yunivesite ya Wits pali CALS, nthambi yoona za malamulo ndi maufulu a anthu, imene inayamba mu 1978. Awa si malo okapempha ndalama ya mpunga, chifukwa ambiri mwa iwo nawonso amadalira othandiza. Chimene mungapemphe kumeneko ndi munthu wodzayankhula ndi timabuku tofotokoza maufulu. Mukawerengera mtengo wa loya pa ola limodzi, mudzaona kuti mphatso imeneyi ndi yaikulu kuposa cheke. Musaiwale ofesi ya mkulu wa sukulu ya zamalamulo ndi aphunzitsi anu. Mphunzitsi mmodzi amene wakhulupirira ntchito yanu akhoza kukuimbirani foni imodzi imene makalata anu 20 sakanatha kuchita. Mbewa ya manyazi inafera kudzenje. Gogodani pa chitseko chake nthawi imene amaonana ndi ophunzira.

Bajeti ilembedwe makalata asanatuluke. Chakudya ndicho chimadya ndalama zambiri. Tiyerekeze kuti mbale imodzi ndi R70 ndipo mukuyembekezera anthu 80: imeneyo ndi R5,600 musanagule madzi, musanalipire holo, zokuzira mawu, kusindikiza mapepala ndi thiransipoti ya alendo oyankhula. Wogulitsa aliyense mufunseni ngati mtengo wake waphatikiza kale msonkho wa VAT, umene ndi 15 peresenti, kuti invoisi isadzakudzidzimutseni. Pamwamba pa zonse ikani kandalama kapadera ka zogwa mwadzidzidzi. Ine ndimaika R10 pa R100 iliyonse. Ndipo funsani eni holo ngati ali ndi jenereta kapena njira ina magetsi akathima, popeza munthu sangayankhule kwa khamu m'chipinda chamdima chopanda maikolofoni.

Ndalama za ku yunivesite sizibwera m'manja mwanu. Zimakhala mu akaunti ya gulu m'kati mwa yunivesite, ndipo ofesi ndiyo imalipira wogulitsa mukapereka makoteshoni, nthawi zambiri atatu. Wogulitsayo ayenera kukhala wolembetsedwa m'kaundula wawo. Zimenezi zimatenga masabata, choncho yambani miyezi iwiri tsiku lisanafike. Zimatanthauzanso kuti amayi akwathu amene amaphika nsima ndi chambo chobwera pa basi za pa Park Station mwina sangalipidwe kuchokera m'thumba limenelo ngati alibe mapepala a bizinesi. Ife tinagawa motere: ndalama ya yunivesite inalipira kusindikiza ndi zokuzira mawu kwa ogulitsa olembetsedwa, ndipo chakudya tinalipira ndi sonkhasonkha wa mamembala, amayiwo n'kusaina lisiti lolemba pamanja.

Tsopano nkhani imene ndimaiona kuti ndi mtima wa zonse. Ndalama ya gulu isalowe mu akaunti ya munthu, ngakhale akhale wokhulupirika bwanji, ngakhale ndi ya tsiku limodzi. Tonse tikudziwa moyo wa wophunzira kuno: lendi yafika, ndalama ya kunyumba yachedwa chifukwa cha kusowa kwa ndalama zakunja ku Malawi, ndipo mu akaunti muli R3,000 ya gulu. Munthu amati ndibwereke ndibweza Lachisanu. Sikuti ndi wakuba, koma magulu ambiri amatha chonchi, ndipo ubale umathera pomwepo. Kwa ife ophunzira zamalamulo ndi nkhani yolemera kwambiri, chifukwa ntchito imene tikuiphunzira imafuna munthu wosunga ndalama za ena mu akaunti yapadera osazikhudza, ndipo maloya amachotsedwa m'kaundula chifukwa cholakwa pomwepa. Kampani ikavomera kuthandiza, ipatseni akaunti ya yunivesite ndi nambala ya gulu lanu. Ikafuna satifiketi ya Section 18A yochepetsera msonkho, itumizeni ku ofesi ya yunivesite yolandira mphatso. Inu simungaipereke, ndipo ndalama yoperekedwa posinthana ndi kutsatsa dzina la kampani siiwerengedwa ngati mphatso yeniyeni. Ya sonkhasonkha, ngati ndi ya m'manja, iwerengedwe ndi anthu awiri, onse asaine m'kope, chithunzi cha tsambalo chitumizidwe ku gulu tsiku lomwelo.

Lonjezo la pakamwa musaliike mu bajeti. Kampani ina inatilonjeza ndalama pa foni, munthu wake akuyankhula mokoma ndithu, ife n'kuitanitsa chakudya modalira mawuwo. Sabata ya msonkhano munthuyo anasiya kuyankha. Tinapulumuka chifukwa bambo wina wachikulire wa kumpingo, mtchona amene anabwera kuno zaka zambiri zapitazo, anatiitana n'kunena kuti, "Ana anga, musaimitse msonkhano, mpunga ndi mafuta ndigula ine." Kuyambira pamenepo ndimawerengera chokhacho chimene chili pa imelo, chotchula ndalama ndi tsiku lolipira. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Posankha tsiku, pewani June ndi kumapeto kwa October mpaka November, pamene aliyense ali pa mayeso. Tsiku la 6 July timalikonda chifukwa cha ufulu wa dziko lathu, koma limagwera m'tchuthi cha nyengo yozizira ophunzira atabalalika. March ndi wabwino, makamaka pafupi ndi 21 March, tsiku la maufulu a anthu lokumbukira amene anaphedwa ku Sharpeville mu 1960, chifukwa mabungwe amakhala akufuna zochitika zoti atengepo mbali. August ndi September nawonso ali bwino. Ngati alendo anu ndi antchito zapakhomo, ambiri amapuma Lamlungu lokha, ndiye konzani masana anthu atatuluka m'tchalitchi. Uthenga upite kudzera kwa akuluampingo, mashehe, ndi atsogoleri a magulu a maliro ndi a chipereganyu, osati pa Instagram pokha. Chakudya chikhale cha halaal kuti abale athu Achisilamu adye momasuka. Nyama yotero siivuta kupeza ku Fordsburg ndi ku Mayfair.

Malo tinawaganizira nthawi yaitali. Holo ya pasukulu ndi yaulere kwa gulu lolembetsedwa, koma pageti mlendo amafunsidwa chiphaso, ndipo munthu amene pemiti yake inatha sangayerekeze kufika pamenepo. Tinasankha holo ya tchalitchi pafupi ndi pokwerera mataxi, titadziwitsa ofesi ya magulu kuti msonkhano uchitikira kunja. Pakhomo tinalemba dzina loyamba lokha ndi nambala ya foni kwa amene anafuna. Nambala ya pasipoti musafunse, za pemiti musafunse. Lamulo loteteza zinsinsi za anthu la POPIA, limene linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 July 2021, limafuna kuti mutenge zokhazo zimene mukuzifunadi ndi kuuza munthu chifukwa chake. Koma ngakhale pakanapanda lamulo, kope lotero likasochera mwaika anthu pamoto. Zithunzi zotumiza kwa othandiza zijambulidwe chakumbuyo kwa khamu, nkhope zisaoneke, pokhapokha munthu atavomera.

Omasulira akumane ndi woyankhula tsiku lisanafike, agwirizane mawu. Mitu yathu inali yochepa koma tinaitafuna bwino. Wochotsedwa ntchito mopanda chilungamo ali ndi masiku 30 okadandaula ku CCMA, bungwe loweruza mikangano ya pantchito, ndipo salipira kanthu. Mu 2008 khothi la zantchito, pa mlandu wa Discovery Health, linagamula kuti mlendo amene pemiti yake yatha amakhalabe wantchito wotetezedwa ndi malamulo a ntchito. Mu November 2020, pa mlandu wa Mahlangu, khothi la pa Constitution Hill linati antchito zapakhomo nawonso ayenera kulandira chipukuta misozi akavulala kapena kumwalira pantchito. Mlanduwo unachokera pa imfa ya mayi amene anamira m'dziwe losambiramo la abwana ake ku Pretoria mu 2012. Nditamasulira nkhani imeneyi holo inangoti zii, kenako manja ambiri anakwera nthawi imodzi.

Manja akakwera choncho, kumbukirani kuti inu simunakhale maloya. Anthu adzakukokerani pambali ndi mapepala awo, akukutchulani "aloya", ndipo mtima udzafuna kuyankha. Ntchito yanu ndi kumasulira ndi kulozera. Ikani tebulo pakona pamene loya weniweni azionana ndi munthu mmodzimmodzi, ndipo aliyense apite ndi kapepala ka m'Chichewa kosonyeza kumene kuli CCMA, Legal Aid ndi makiliniki a zamalamulo a pa Wits ndi pa yunivesite ya Johannesburg (UJ). Siyani ola lathunthu la zimenezi. Ife tinasiya mphindi 30 ndipo sizinakwane. Ena anabwerera osaonana ndi loya, zimene zimandipwetekabe mtima.

Pasanathe masabata awiri, tumizani lipoti lalifupi kwa aliyense amene anathandiza: anafika anthu angati, mafunso amene anabwera kwambiri, ndalama inalowa ndi mmene inatulukira, pamodzi ndi zithunzi za malisiti. Malisiti a m'mashopu amafufutika msanga, ajambuleni tsiku lomwelo. Bambo a mpunga aja sitinawatumizire imelo. Tinapita anthu atatu kunyumba kwawo kukathokoza, ndipo kope la ndalama tinapita nalo kuti alione.

Zonsezi zili mu fayilo yabuluu imene ndakusiyira kwa mlembi, mng'ono wanga. Muli makalata amene anayankhidwa ndi amene sanayankhidwe, makoteshoni, lipoti, ndi mndandanda wa mawu amene tinagwirizana pomasulira. Pasiwedi ya imelo ya gulu uisinthe ukangoilandira, ndipo kalata yopempha loya wa chaka chamawa ituluke January asanathe.