Momwe mungadzitetezere ku mtovu pokonza galimoto

Mtovu sununkha ndipo supweteka tsiku lomwe walowa m'thupi. Umalowera m'mphuno ndi m'kamwa pang'onopang'ono, kenako wambiri umakakhazikika m'mafupa kwa zaka makumi. M'galaja umapezeka m'mabatire, m'chitsulo chosungunula chomatira redieta (solder), mu penti wakale ndi m'tizitsulo tolinganiza matayala.

Choyamba, musamaswe batire kapena kusungunula mapuleti ake pamoto. Mtovu umasungunuka pa madigiri 327, ndipo moto ukakula umatulutsa utsi wolowa mpaka m'kati mwa mapapo. Batire yakufa isungeni choimika, yosatsegula, mpaka muipereke kwa ovomerezeka kukonzanso mabatire.

Chachiwiri, pomata redieta khalani pamalo popita mphepo, utsi uzikuthawani. Valani chotchinga mphuno chosefa fumbi ndi utsi, cholembedwa kuti P100 kapena FFP3. Kansalu kapena masiki ya kuchipatala sizigwira utsi umenewu, ndipo ndevu zimasiya mpata m'mbali.

Chachitatu, fumbi musalisese kapena kuliuluza ndi kompresa, chifukwa limangokwera n'kubwerera kumphuno. Pukutani tebulo ndi pansi ndi nsalu yonyowa. Penti wakale mupaleni atanyowetsedwa.

Chachinayi, manja. Apa ndi pamene amakaniko ambiri amagwera. Munthu wagwira mitu ya batire yotuwa ija, wapukuta manja pa ovolosi, n'kuyatsa ndudu kapena kunyema chakudya: mtovu wameza yekha. Sambani ndi sopo ndi madzi, mutsukenso m'zikhadabo ndi kaburashi. Kusamba ndi petulo kumangowononga khungu. Zoti mkaka umatsuka mtovu m'thupi n'zabodza.

Chachisanu, ovolosi ndi nsapato zizitsala kuntchito, ndipo zichapidwe pazokha. Mwana akameza mtovu, thupi lake limatenga wochuluka kanayi kapena kasanu kuposa la wamkulu, ndipo umamuwononga ubongo. Kwa mayi woyembekezera umafikanso kwa mwana ali m'mimba.

Pomaliza, kayezetseni magazi, ndipo muwauze achipatala ntchito imene mumagwira. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2021 kuti mtovu ukafika mamaikulogalamu 5 pa desilita ya magazi, gwero lake lifufuzidwe ndi kutsekedwa. Kupotokola m'mimba, kudzimbidwa, litsipa, kutopa, kuchepa magazi kapena dzanja lolefuka pamkono, musazitenge ngati kutopa ndi ntchito chabe. Mtovu umakwezanso BP, umawononga impso ndi kuchepetsa mphamvu zoberekera.