Lekani kugulitsa mpunga wanu pa dzina la eni ake

Sabata yatha ndinaima pa Thabwa kudikira minibasi yokwera ku Blantyre, ndipo zimene ndinaona pamenepo zandisowetsa mtendere. Achinyamata atatu, onse oyamba kumene geni ya mpunga chaka chino ndi ngongole ya ku banki mkhonde, anayala timatumba tawo m'mbali mwa msewu. Nditawafunsa anavomera okha kuti mpungawo ndi wa ku East Bank konkuno, wina wa ku Nkhate, wina wa ku Muona. Koma pa thumba lililonse analembapo ndi inki yakuda kuti "Kilombero wa ku Karonga". Ku Dyeratu ndinapeza zomwezo, ku Nchalonso chimodzimodzi. Palibe ngakhale thumba limodzi lomwe linali ndi dzina la wogulitsa kapena nambala ya foni yake.

Ndikudziwa chimene mumachitira zimenezi. Mumati dzina la Karonga limayenda malonda, ndipo n'zoona. Koma dzifunseni kuti linayamba bwanji kuyenda. Alimi akumpotoko anakhala zaka zambiri akutumiza mpunga wonunkhira kumatauni mpaka anthu anazolowera kuutchula ndi dzina la kwawoko. Inu mukatenga mpunga womwe mwadzivutikira nokha, kuwokera m'matope dzuwa la kuno likuswa mtengo, kuingitsa mbalame kuyambira mbandakucha, n'kuulemba dzina la Karonga, thukuta lanu lonselo mwalipereka kwa anthu omwe sakukudziwani n'komwe. Wogula akakoma nawo adzatamanda Karonga. Akafuna wina adzagula kwa aliyense amene walemba mawu omwewo. Inu mwangopeza ndalama ya tsiku limenelo basi, mawa muyambiranso kukuwa pamsewu ngati mlendo.

Kilombero ndi mtundu wa mbewu. Ngati munadzaladi Kilombero, lembani choncho, palibe cholakwa. Bodza lili pa mawu akuti "wa ku Karonga", ndipo limakula kwambiri pamene m'thumbamo muli mtundu wina monga Faya kapena Pusa, kaya mwasakaniza mitundu iwiri kuti chidebe chidzaze msanga. Mayi amene amaphika mpunga tsiku ndi tsiku simungamunamize kawiri. Amatapa pang'ono m'dzanja, kuupuma mpweya, kuununkhiza. Mitundu yosakaniza imaonekera mumphika, wina wapsa kale wina ukadali wauwisi pakati. Komanso kunamiza wogula za kumene katundu wachokera ndi mlandu, bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo otere.

Chimene chimanditopetsa n'chakuti nkhaniyi takhala tikuikamba m'misonkhano ya makalabu kwa nthawi yaitali. Yankho limakhala lomwelomwelo: "Alangizi, makolo athu ankagulitsa opanda dzina." Inde, koma makolo athu ankagulitsa kwa anthu a m'mudzi momwemo, owadziwa nkhope ndi khomo. Lero wogula wanu watsika pagalimoto kwa mphindi zisanu, akupita ku Limbe kapena ku Ndirande, ndipo chomwe adzatsala nacho kunyumba ndi thumba lokhalo. Thumbalo likapanda kunena kuti ndinu ndani, mwatayika. Timakhala pafupi ndi fakitale ya shuga ya ku Nchalo, yomwe inayamba m'zaka za m'ma 1960, ndipo mpaka pano akuluakulu ena amaitchulabe kuti Sucoma ngakhale inasanduka Illovo kalekale. Dzina likakhazikika m'kamwa mwa anthu silichoka msanga. Phunziro limeneli tili nalo pakhomo, koma sitilitola.

Bambo wina wachikulire wa cha ku Livunzu anandifotokozera zake titakhala pansi pa mtengo wa msawu. Chaka chatha anagulitsa matumba awiri kwa mayi wina wophika chakudya pa resitilanti ina ku Nchalo. Mpunga wake unali wopetedwa bwino, wopanda kamwala ngakhale kamodzi, chifukwa amayanika pa tenti osati pa dothi. Mayiyo atauphika, makasitomala ake anayamikira, ndiye anatuma mwana kuti akafunefune mwini mpunga uja kuti azimugula mwezi ndi mwezi. Mwanayo anangouzidwa kuti "wa thumba lolembedwa Kilombero wa ku Karonga". Pamsika anapeza anthu angapo olemba zomwezo, nagula kwa mmodzi mwa iwo. Umenewo unali wosweka, wa miyala ndi mankhusu. Mayiyo anakwiya, nayamba kuitanitsa mpunga wa m'mapaketi kuchokera ku Blantyre. Bambowo anadzamva nkhaniyi patapita miyezi, pamaliro. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Alangizi, ine ndinkayesa kuti dzina ndi za makampani akuluakulu. Ndikanangolemba nambala yanga, bwenzi pano ndili ndi msika wanga." Sindinawayankhe msanga, chifukwa zinandipweteka. Amene anagulitsa wa miyala uja anaipitsa mbiri ya aliyense wobisala pa dzina lomwelo, kuphatikizapo munthu wosalakwa.

Ndipo dzinalo silingakuthandizeni ngati mpunga wake ukusintha sabata iliyonse. Kuno kumatentha kwambiri, mpunga mukauiwala padzuwa tsiku lonse umauma mopitirira muyeso n'kung'aluka mkati, ndiye ku chigayo umatuluka wosweka wokhawokha. Chinyezi chabwino popita ku chigayo ndi pafupifupi 14 peresenti. Za kupeta, kuchotsa miyala ndi kusiya zidebe zokhomedwa pansi zija sindibwerezanso, mukuzidziwa.

Tsono chitani izi nyengo isanathe. Sankhani dzina lalifupi, losavuta kutchula, ndipo musalisinthe. Onjezani malo enieni, kaya Nkhate, Muona kapena Makhuwira, mtundu wa mpunga, kulemera kwake kwa pa sikelo ndi nambala ya foni yomwe imayankhidwa. Ngati ndalama yosindikizira lebo palibe, chidindo cha labala kapena ulusi wa mtundu umodzi wosokera matumba anu onse ukwanira poyambira. Wosweka muziugulitsa pawokha pa mtengo wake. Amene muli m'kalabu kapena kopaletivu gwirizanani dzina limodzi, koma musankhe munthu woyang'ana thumba lililonse lisanasokedwe. Malonda akayamba kukula, kalembetseni dzinalo ku ofesi ya boma yolembetsa mayina a malonda, ndipo ngati mukufuna kulowa m'masitolo akuluakulu mufunika kupita kwa a Malawi Bureau of Standards kuti akayeze mpunga wanu. Zotsalazo funsani mlangizi wa m'dera lanu pa msonkhano wa kalabu ukubwerawu, ndipo mubwere ndi thumba limodzi loti tidzalione limodzi.